Mukafika ku Blantyre, yambani mwafunsa za madzi

Amayi anzanga, kuno kum'mwera ndi midzi yochepa imene ilibe munthu wake ku Blantyre. Wina anabwera kudzadikirira matenda ku Queens, wina anatsatira bambo a kunyumba amene apeza ya ulonda ku Limbe, wina watumiza mwana wake wamkazi kudzaphunzira zosokasoka kapena kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi 800,000, ndipo ambiri mwa iwo sakhala ku Nyambadwe, Namiwawa kapena Sunnyside kumene kuli mipanda ya njerwa ndi kapinga wothirira. Amakhala ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe, Chirimba, Machinjiri ndi madera ena otere, ndipo n'komwe inu kapena mwana wanu mudzafikire. Ife okhala kuno timafunsidwa kawirikawiri kuti nyumba yotchipa ipezeka kuti, nanga munthu angadye kuti osatha ndalama. Ine ndisanayankhe zimenezo ndimayamba ndi funso langa: pamalopo madzi akuchokera kuti, ndipo akupita kuti?

Blantyre ndi mzinda wa pamapiri. Madzi ambiri amene timamwa amachokera mumtsinje wa Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kuti akwere chitunda chonsecho. Ena amachokera m'damu la Mudi, ena ku Likhubula ku Mulanje. Tsono magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika, mipopi imauma, ndipo oyamba kuuma ndiponso omaliza kulandira amakhala a kumtunda. Kumudzi mjigo ukawonongeka mumadziwa kwina kolowera. M'tauni mlendo sadziwa.

Choncho pofuna nyumba ya lendi musapite masana pamene aliyense ali kotakata. Pitani m'mamawa cha m'ma 6 koloko, mukaone mzere wa zigubu ndi ndowa pamalo ogulitsira madzi. Musafunse eni nyumba, iwo akufuna ndalama yanu. Funsani amayi amene ali pamzerepo kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo akasiya amakatunga kuti. Akakuuzani kuti amatsikira ku Nasolo, ku Mudi kapena ku Naperi, kapenanso pachitsime chosavindikira cha kuseri, dziwani kuti ndalama imene mwapulumutsa pa lendi mudzaisiya kogula mankhwala. Mitsinje imeneyi imalandira zonse za mumzinda: zinyalala, matewera a ana, ndi zosefukira m'zimbudzi nyengo ya dzinja. Paja safunsa anadya phula.

Mukatero, pemphani kuona chimbudzi ndi bafa musanaone n'kuchipinda komwe. Pamapuloti ambiri mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndiye werengani zitseko za nyumba zimene zili pamenepo, mufunsenso ngati pali kasinthasintha wokolopa. Ngati nyumbayo mukufunira mtsikana wokhala yekha, onani ngati chitseko cha bafa chimatsekeka m'kati ndiponso kutalika kwa ulendo wa kuchimbudzi usiku. Zimenezi mtsikana sangakuuzeni pafoni, amachita manyazi, amangopirira.

Funso lachiwiri lija, lakuti madzi akupita kuti, talidziwa ndi misozi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phirilo. Mabanja athunthu anatha. Koma popeza malo ndi osowa, nyumba za m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa makhwawa zikupezekabe, ndipo ndi zomwe zimatchipa kwambiri. Imani pakhomo muyang'ane kumtunda. Ngati pamwamba panu pali miyala ikuluikulu kapena chigwembe chimene madzi anakumba, pitirirani. Yang'ananinso m'munsi mwa khoma. Chinyontho chimasiya mzere, ndipo khoma la zidina limene ladyeka kunsi silidzapirira dzinja lina, ngakhale alipake laimu woyera bwanji.

Za madobadoba ndinene mwachidule. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene akuti nyumba ilipo koma muyambe mwalipira. Onani nyumba, kumanani ndi mwini wake weniweni, ndipo lendi iliyonse muzilemberana m'kabuku. Ngati mita ya magetsi ndi imodzi pa puloti yonse, gwirizanani tsiku loyamba za kagulidwe ka mayunitsi, chifukwa mikangano yambiri ya anansi imayambira pa ayironi ndi hotipuleti. Muwerengerenso ya minibasi. Nyumba yotchipa imene ikufuna minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwerera imadula kuposa yokwererako mtengo imene mungayende wapansi popita kuntchito.

Kodyera

Tisanamizane, ku Blantyre kuli zakudya zokoma ndipo simufunika kulowa m'hotela kuti mudye bwino. Ine mlendo wanga ndimapita naye kumalesitilanti a mumsika, kaya wa Limbe kaya wa Blantyre, kumene amayi anzathu amaphika nsima ya nyemba, matemba, usipa, nkhuku ya lokolo ndi mpiru wotendera monga mmene mumaphikira kwanu. Nthawi yake ndi kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 1 koloko, miphika ikadali pamoto. Lowani mmene mwadzaza madalaivala, makondakitala ndi ogulitsa mumsika, chifukwa chakudya chimene chikutha msanga sichigona. Ikamakwana 4 koloko ndiwo zija zakhala maola angapo zili zofunda chabe, ndipo m'kufunda kotero ndi mmene tizilombo toyambitsa matenda timaswana.

Musanakhale pansi, onani madzi. Kodi posamba m'manja akukuthirirani ndi jagi, sopo ali pomwepo, kapena aliyense akuviika m'beseni limodzi? Suzumirani kumene akutsukira mbale. Ngati madzi ake ayera ngati thobwa ndipo ndi omwewo kuyambira m'mawa, tulukani mwaulemu. Palibe amene angakumangeni. Mayi wodziwa ntchito yake amavindikira miphika, amapakula ndi chipande, ndipo dzanja lolandira ndalama silikhudza nsima.

Tchipisi cha pachiwaya ndicho chakudya cha achinyamata athu, ndipo sindikuuzani kuti muwaletse, sangamve. Tchipisi chimene changochoka m'mafuta owira chilibe vuto la m'mimba. Choopsa ndi saladi wa kabichi ndi tomato wosaphika amene amaika pamwamba, pakuti simudziwa madzi amene anatsukira, ngati anatsuka n'komwe. Auzeni ana anu azinena kuti "musaike saladi", ndipo azisankha chiwaya chimene mafuta ake sanade ngati oyilo wa galimoto. Kanyenya ndi mang'ina n'chimodzimodzi: zidyedwe zikutentha, aziotche inu mukuona. Njala ikakupezani panjira, gulani zimene zili ndi chovala chake kapena zochoka pamoto, monga nthochi, mtedza wosasenda, chimanga chootcha ndi mbatata yootcha. Chinanazi chosendasenda, mafilizi ndi madzi a m'timapepala tomanga pamanja zisiyeni. Thobwa ndimalikonda, koma la mumsewu ena amalisungunula ndi madzi osawiritsa, ndipo kapu imodzi imazungulira anthu ambirimbiri.

Mwina mukuti ndikuchulutsa mantha. Kumbukirani kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Palinso taifodi, matenda a kutentha thupi kwa masiku ambiri amene anthu amawasokoneza ndi malungo. Amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa, ndipo avutitsa kwambiri ana a mumzinda uno, moti kafukufuku wa katemera wake anachitikira ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, boma lisanayambe kumupereka m'dziko lonse mu Meyi 2023. Ngati mukubwera ndi ana, tengani mabuku awo a kusikelo, azaumoyo akaone ngati analandira.

Inu obwera kudzadikirira matenda ku Queens, m'katundu wanu musasowe ndowa yovindikira, kapu yanuyanu, sopo ndi botolo la WaterGuard. Kachivindikiro kamodzi ka botololi n'kokwana malita 20 a madzi oyera, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Wodikirira akadwala m'mimba, wodwala uja amatsala yekha.

Kudya kogula tsiku lililonse palibe angakwanitse, choncho nkhani yaikulu ili pa kagulidwe ka zophika. Umphawi wa m'tauni umakakamiza munthu kugula pang'onopang'ono: kathumba ka ufa kamene timati wokumani, mafuta oyeza pa supuni, kamulu ka makala. Mukawonkhetsa pa mwezi mupeza kuti mwalipira kuposa amene anagula thumba lathunthu. Njira yake ndi kugwirizana amayi atatu kapena anayi, n'kugula limodzi thumba la chimanga, chigubu cha mafuta kapena dengu la usipa, kenako n'kugawana. Tomato, kabichi ndi anyezi zimatchipa m'mamawa pamene magalimoto akutsitsa ku Limbe, ndipo amene angathe kufika ku Bvumbwe kapena ku Lunzu pa tsiku la msika amagula kwa alimi enieni. Masamba a mumzinda ena amalimidwa m'mphepete mwa mitsinje ija ndatchula, n'kumathiriridwa ndi madzi omwewo, ndiye atsukeni ndi madzi abwino ndipo aphikidwe ndithu. Pogula mchere onani kuti ndi wa ayodini, ndipo mafuta ophikira akhale a m'botolo lolembedwa kuti muli vitamini A.

Inu otsala kumudzi muli ndi gawo lanu. Mukamatumiza katundu kwa mwana wanu musangoti ufa basi. Ikanimo nandolo, khobwe, nsinjiro ndi mfutso. Ana ambiri a m'tauni amapita kusukulu atamwa tiyi ndi mandasi, masana n'kudya timapaketi ta zokhwasulakhwasula, pomwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro likadawasunga mpaka kuweruka. Akuluakulu nawo, chifukwa cha zokazinga, zakumwa zotsekemera ndi kukhala pansi tsiku lonse pa geni, akupezeka ndi BP ndi shuga akadali ndi ana aang'ono. Mfutso umene ena amauona ngati wachimidzi kuno timaulakalaka, makamaka mu Okutobala masamba akakwera mtengo.

Chinthu china chimene alendo sachiyembekezera ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya masiku angapo, ndipo munthu wochokera ku Chikwawa kapena Nsanje amaona ngati afa. Pamenepo ndi pomwe ena amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzuka. Phikirani panja kapena pakhonde, ndipo pogona mbaula itsale kunja. Bweretsani bulangete lowonjezera.

Wina akadwala, musathamangire ku Queens pokhapokha zikhale zadzidzidzi monga ngozi, kukomoka kapena kutaya magazi. Chija ndi chipatala chachikulu cholandira otumizidwa. Yambirani pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena Chilomoni, ndipo sabata yoyamba yomweyo dziwani kumene chili ndi njira yofikirako usiku. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto pemphani helemeti, ndipo musalole kukwezedwa awiri kapena atatu. Koma wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuche. Muyambitseni Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo azimwa pang'onopang'ono muli panjira yopita kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.