Makina a X-ray saona zonse: tidziwe copempha tikafika ku cipatala

Kuno ku Makandanyama, ngakhalenso ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, munthu akadwala nthawi yaitali abale amati, "Akamujambule kuti tione cimene cili m'kati." Ena amagulitsa nkhuku kapena thumba la cimanga kuti akalipire X-ray ku kiliniki yolipira. Ena amabwerera kunyumba okwiya cifukwa dotolo wawatuma kukapimitsa magazi m'malo mowajambula, ndipo amati sanathandizidwe. Makina amenewa ndi othandiza zedi, koma vuto limene latizinga kwambiri kuno, la mtovu, silipimidwa ndi cithunzi. Tikapanda kudziwa zimenezi tidzataya ndalama, ndipo mwana adzacedwa kulandira thandizo.

Cheza ca X-ray anacitulukira ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895. Cimapyola mnofu mosavuta koma cimatsekerezedwa ndi zinthu zolimba. Ndico cifukwa cake fupa limaoneka loyera pa cithunzi pamene mapapo, okhala ndi mpweya, amaoneka akuda. Motero X-ray imaonetsa bwino fupa lothyoka, cibayo, zipsera za TB ndi ndalama yacitsulo imene mwana wameza. Siionetsa malungo, shuga kapena kucepa kwa magazi. Komanso siciritsa. Munthu amene akuti anapeza bwino atajambulidwa anacira ndi mankhwala amene anapatsidwa pambuyo pake.

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kuno, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, unagwira nchito zaka pafupifupi 90 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Fumbi lake linatsala m'dothi la pabwalo pathu, m'madimba ndi m'misewu, ndipo mphepo ya m'cilimwe imaliulutsa kucokera ku mulu wa Black Mountain. Mu 2015 akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan anafalitsa zimene anapeza atapima ana oposa 200 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mwana aliyense anali ndi mtovu woposa mamaikrogalamu 5 pa desilita ya magazi, umene ndi muyezo umene bungwe la World Health Organization limati munthu akafikapo pafunika kucitapo kanthu. Bungweli limatinso palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wabwino.

Onani kuti anawo anawapima magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakacetecete: amacedwa kulankhula, amaiwala za ku sukulu, amadandaula m'mimba, amacepa magazi. X-ray ingathe kuonetsa mizere yoyera kumapeto kwa mafupa a m'mawondo kapena a m'manja, koma mizereyo imabwera mwana atakhala ndi mtovu wambiri kwa nthawi yaitali. Kuyembekezera kuti ioneke kuli ngati kukalondera munda anyani atadya kale. Nthawi zina dotolo angajambule m'mimba mwa mwana amene amadya dothi kuti aone ngati tizidutswa ta mtovu tili m'matumbo, koma zimenezo amasankha ndi iye. Ife makolo tizifunsa ku kiliniki kuti, "Kodi mwana wanga angapimidwe mtovu m'magazi?"

Alipo anthu amene X-ray ndi yao ndithu. Awa ndi atate athu amene anagwira nchito pansi pa mgodi, ndi anyamata ndi amai amene amaphwanya miyala. Fumbi la miyala limalowa m'mapapo ndi kuwaumitsa pang'onopang'ono. Matendawa amachedwa silikosisi, alibe mankhwala ocizira, ndipo amatsegulira njira TB. Cithunzi ca cifuwa ndico cimayamba kuwaonetsa. Bungwe la Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe ndilo limapima ogwira nchito m'migodi ndi amene analeka, ndipo zimene lapeza ndizo a Workers' Compensation Fund Control Board amaona pa nkhani ya cipukuta misozi. Amene anagwirapo mu mgodi asataye makhadi ao ndi zithunzi zakale, pakuti dotolo amadziwa ngati matenda akula poyerekeza cithunzi cakale ndi catsopano.

Pa TB napo cithunzi cokha sicikwanira. Mthunzi wa pa mapapo ungakhale TB, cibayo, silikosisi kapena cipsera ca matenda amene anapola kale. Ndiye cifukwa cake amatipemphanso makhololo kuti akawapime. Akapeza TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amamwedwa miyezi 6. Munthu amene watsokomola milungu iwiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, asadikire kuti apeze ndalama ya X-ray. Apite ku kiliniki.

Pali nkhani ina imene ambiri a ife sitiidziwa: wojambula si ndiye wowerenga cithunzi. Wojambula, amene acizungu amati radiographer, amaphunzira nchito yake m'masukulu monga Evelyn Hone College ku Lusaka. Wowerenga, radiologist, ndi dotolo amene anaonjezera zaka zina za maphunziro pa nchito yomasulira zithunzi. Madotolo otere ndi ocepa kwambiri m'dziko lathu ndipo ambiri ali ku Lusaka. Motero m'zipatala zambiri za m'maboma cithunzi cimawerengedwa ndi dotolo kapena kiliniko ofesa yemweyo amene ali ndi mzere wautali wa odwala pakhomo. Ku Britain, kuyambira m'ma 1990, ojambula ena amaphunzitsidwa mwapadera kuti azilemba okha zimene aona pa cithunzi, ndipo akatswiri a kuno akhala akukamba zoti nafenso titero. Ife tiona kuti ndi nzeru yabwino, malinga maphunziro ndi ciphaso zikhalepo, cifukwa cithunzi cosawerengedwa bwino cingacititse munthu kumwa mankhwala a matenda amene alibe.

Makina nawo asintha. Atsopano safuna filimu yotsuka m'cipinda ca mdima. Cithunzi cimaonekera pa kompyuta ndipo cingatumizidwe pa intaneti kwa katswiri amene ali kutali. Mu 2021 World Health Organization inavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga zithunzi za cifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Koma kompyuta imangoloza amene ayenera kupimidwa makhololo. Siidziwa kuti munthuyo anagwira zaka 20 mu mgodi. Zimenezo tiyenera kuuza dotolo ndife.

Cheza ca X-ray cikaculuka cimaononga thupi. Cithunzi cimodzi ca cifuwa ndi cocepa mphamvu ndipo sitiyenera kuciopa, koma makina a CT amapereka cheza cowirikiza kambirimbiri. N'cifukwa cake pali bungwe la Radiation Protection Authority loyang'anira malo onse okhala ndi makina otere, ndipo zovala zolemera zimene ojambula amavala zili ndi mtovu m'kati, womwewo umene ukutivutitsa kuno. Tisakakamize dotolo kutijambula popanda cifukwa. Mai amene ali ndi pakati, kapena akuganiza kuti ali napo, anene asanajambulidwe. Sikani ya amai apakati ndi yosiyana: imagwiritsa nchito mafunde a mau, ilibe cheza, ndipo malangizo a mu 2016 amati mai apimidwe kamodzi pakati pasanakwane milungu 24. Koma sikani nayo siona mtovu, umene umacoka m'mafupa a mai ndi kupita kwa mwana ali m'mimba. Amai apakati aleke kudya dothi la kuno.

Tipempha atsogoleri a mipingo, a m'mphakati ndi a magulu a alimi kuti akambe nkhaniyi pa misonkhano yao. Ana azisamba m'manja asanadye, ndiwo zamasamba zizitsukidwa bwino, ndipo pabwalo tizithirapo madzi tisanasese. Tikafika ku cipatala, tizinena kumene tikhala ndi nchito imene tinagwira, kenaka tifunse kuti cithunzi cathu awerenga ndani ndipo tibwere liti kudzamva zotsatira.