KODI WITCH YENIYENI NDI ITI?

Tikakhala pansi ndi acikulire a ku Kabwata kapena ku Chelstone amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970, sipapita nthawi nkhani isanafike pa gulu loimba la WITCH. Pamenepo mkangano ubuka: kodi WITCH yeniyeni ndi iti? Dzinali lisatiopse. Ngakhale pa Cingerezi limveka ngati mfiti, ndi zilembo zoyamba za mau akuti We Intend To Cause Havoc, kutanthauza kuti anyamatawo anatsimikiza mtima kugwedeza dziko ndi magitala ao.

Gululi linabadwira ku Kitwe. Wotsogolera nyimbo anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones. Pamodzi naye panali Chris Mbewe, John Muma, Gedeon Mulenga ndi Boyd Sinkala. Cimbale cao ca Lazy Bones!! cinatuluka mu 1975, ndipo lamulo la a Kaunda lakuti wailesi iziulutsa makamaka nyimbo za m'Zambia linawatsegulira njira. Kwa ambiri, WITCH ndi imeneyo basi.

Ena akana. Jagari atacoka kukaphunzira uphunzitsi, gulu silinafe. Patrick Mwondela analowa ndi kiyibodi yake, maimbidwe nasanduka a disko, ndipo panatuluka Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Amene anavina nyimbozi pa maukwati a ku Woodlands ndi ku Kabulonga salola kuti munthu azipeputse.

Tsopano pali WITCH yacitatu. Mu 2012 kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso zimbale zakale, ndipo mu 2019 panaoneka filimu yosimba mbiri ya gululi. Jagari ndi Mwondela anagwirizana ndi oimba acinyamata, mmodzi wa iwo Jacco Gardner wa ku Netherlands. Cimbale ca Zango, ca mu 2023, anacijambulira ku dB Studios muno mu Lusaka, kumene gululi linkajambulira kale, ndipo mu 2025 panatsatira Sogolo. Ena akuti ili ndi dzina lakale pa thupi lacilendo; ena akuti mtengo waphukanso.

Mkangano ufikanso pa matepi. Cimbale coyamba, Introduction, cipezeka m'mitundu iwiri: cimene anyamatawo anatulutsa okha, ndi cimene cinatuluka pambuyo pake kudzera ku Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Okonda nyimbo atsutsana kuti cokoma ndi citi, ndipo afunsana za nyimbo zimene anazimva m'maholo koma sanazipeze pa cimbale ciriconse.

Comvetsa cisoni ndi cakuti amene akadaweruza mlanduwu anapita. Mwa amuna asanu tachula poyamba aja, Jagari yekha ndiye ali moyo. Mliri wa Edzi unakolola oimba ambiri a mbadwo umenewo, cuma ca dziko cinagwa pamodzi ndi mtengo wa mkuwa, ndipo fakitale ya zimbale ya Teal ku Ndola inatsekedwa. Zinatengera alendo kutikumbutsa cuma cimene ife tinacisiya pa cinyezi.

Motero ife tikuti: tsutsanani ndithu, pakuti cinthu coiwalika sacikanganirana. Koma mukafika kunyumba, tsegulani sutikesi ija iri pansi pa bedi. Ngati muli cimbale, kaseti kapena cithunzi, pukutani fumbi, muitane adzukulu, muwauze amene anali kuliza ng'oma ndi amene anali kuliza gitala. Mau a akulu akoma akagonera, koma tepi ikagonera pa cinyezi imaola.