Chuma cha Achifwamba Apanyanja Chosakidwa ndi Foni

Geocaching ndi masewera obisa ndi kusaka zinthu panja mothandizidwa ndi GPS. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, n'kuikamo kabuku kolembamo maina ndi tinthu tina tochepa, kenako amakakabisa m'mphako ya mtengo, kunsi kwa mlatho kapena pakati pa miyala. Akatero amalemba pa intaneti manambala osonyeza pamene pali malowo, ndipo aliyense amene ali ndi foni yamakono akhoza kuwalondola. Wopeza amalemba dzina lake ndi tsiku m'kabukuko, n'kubwezera kabokosi momwe anakapezera kuti wina adzatulukenso nako thukuta. Ndi chibisalirano cha ana ndi akulu omwe, chimene bwalo lake ndi dziko lonse. Mabokosi otere alipo oposa 3 miliyoni m'mayiko oposa 190.

Obisa ambiri sakhutira ndi kabokosi ndi manambala okha. Amaveka masewerawa nkhani, ndipo nkhani imene imabwera kawirikawiri ndi ya achifwamba apanyanja: mapu akale ong'ambikang'ambika, chilembo cha X pakona, ndi bokosi lamatabwa lodzaza golide.

Momwe zinayambira

GPS ndi ya boma la America ndipo anaikonza ndi asilikali. Imadalira masetilaiti osachepera 24 amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Setilaiti iliyonse imatumiza uthenga wonena nthawi ndi malo amene ili, ndipo foni ikamva masetilaiti anayi imawerengera mtunda wa iliyonse n'kudziwa pamene yaima. Kwa zaka zambiri boma linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti makina awo ankatha kuphonya ndi mamita 100. Kumayambiriro kwa May 2000, Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo usiku umodzi wokha makina omwewo anayamba kulozera molondola kuwirikiza pafupifupi kakhumi.

Pa 3 May 2000, katswiri wina wa makompyuta, Dave Ulmer, anafuna kuyesa ngati zinalidi zoona. Anabisa ndowa yakuda yapulasitiki m'tchire pafupi ndi Beavercreek, m'chigawo cha Oregon, ataikamo kabuku, pensulo, mabuku, mavidiyo, legeni ndi chitini cha nyemba. Analengeza manambala a malowo pa intaneti, ndi lamulo limodzi lokha loti wotengamo kanthu asiyemonso kake. Pasanathe masiku angapo, Mike Teague anali ataipeza. Dzina lakuti geocaching analipeka ndi Matt Stum kumapeto kwa mwezi womwewo, polumikiza mawu otanthauza dziko ndi ena otanthauza malo obisamo katundu. Mu September chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula Geocaching.com, pali mabokosi 75 okha. Kampani yoyendetsa tsambali, Groundspeak, ili ku Seattle.

Maganizowa sanali achilendo kwenikweni. Ku Dartmoor, ku England, James Perrott anasiya botolo ku Cranmere Pool mu 1854 kuti ofika kumeneko aziikamo makadi awo, ndipo masewera amene anabadwa pamenepo akadalipo. Chatsopano chinali setilaiti basi.

Kakonzedwe ka ulendo wosaka

Bokosi wamba limakhala pamalo enieni amene manambala akulozera. Koma kusaka kwa achifwamba kumakoma kukakhala ndi masiteji angapo. Manambala oyamba amafikitsa osaka pamalo pamene palibe chuma chilichonse koma ndagi. Mwina ayenera kuwerenga mazenera a nyumba yakale, kapena kutenga chaka cholembedwa pa chipilala, n'kuchiphatikiza ndi nambala ina kuti apeze kolowera. Ena amajambula mapu, n'kuwadula zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chidutswa chilichonse m'bokosi lakelake, kotero kuti bokosi lomaliza limapezeka ndi yekhayo amene wasonkhanitsa zonse. Enanso amatseka bokosilo ndi loko wa manambala, ndipo wodumpha siteji amakangoliyang'ana n'kubwerera.

Zolemba zachinsinsi sizisowa. Ngakhale mawu othandiza osaka amene tsamba la Geocaching.com limapereka amakhala obisika: chilembo chilichonse amachisuntha malo 13 mu alifabeti, A n'kukhala N, B n'kukhala O, kuti wosafuna thandizo asawerenge mwangozi.

Bokosi lililonse limapatsidwa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5 pa zinthu ziwiri, kuvuta kwa kulipeza ndi kuvuta kwa njira yake. Njira ya nyenyezi imodzi imayendeka ngakhale panjinga ya olumala. Ya nyenyezi zisanu imafuna zida zapadera monga zingwe zokwerera kapena bwato, ndipo apa mpamene okonda nkhani za achifwamba amasangalala, chifukwa bokosi lobisidwa pakachilumba limachititsa osaka kupalasa ndithu. GPS ya m'foni imaphonyabe ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo yowirira ndi pakati pa nyumba zitalizitali. Choncho foni imangofikitsa munthu pafupi. Zotsalazo ndi ntchito ya maso, manja ndi mawondo.

Osewera amakhalanso ndi misonkhano, ndipo ena amaikonza pa 19 September, tsiku loyankhula ngati achifwamba apanyanja, limene John Baur ndi Mark Summers a ku Oregon anayambitsa mwanthabwala mu 1995. Anthu amabwera atavala zipewa zamakona atatu ndi kachikopa kotseka diso limodzi. Mu 2017 eni tsambalo anakonzanso mpikisano wa milungu ingapo wotchedwa The Lost Treasure of Mary Hyde, wosaka chuma cha kapitawo wamkazi wongopeka.

Mapu amenewa anachokera kuti?

Chodabwitsa n'chakuti achifwamba enieni sankakonda kukwirira chuma. Nthawi imene anavuta kwambiri, kuyambira cha m'ma 1650 mpaka cha m'ma 1730, zambiri zimene ankalanda sizinali golide ayi. Zinali nsalu, shuga, fodya, zokometsera zakudya, mankhwala, zingwe ndi matanga, zinthu zoti kuzikwirira n'kuziwononga. Ndalama zasiliva za ku Spain zikapezeka ankagawana potsatira pangano limene gulu lonse linkasainira, n'kukazimwaza pa mowa ndi njuga m'madoko monga Port Royal ku Jamaica ndi Nassau ku Bahamas. Munthu wosadziwa ngati adzaona chaka chamawa sasungira m'nthaka.

Amene zimadziwika bwino kuti anakwiriradi ndi William Kidd. Mu 1698 analanda chombo chotchedwa Quedagh Merchant pa nyanja ya Indian Ocean, ndipo atamva kuti akufunidwa, mu 1699 anakwirira gawo la katunduyo pa Gardiners Island, kufupi ndi Long Island. Ankaganiza kuti chumacho chidzamuthandiza kukambirana ndi akuluakulu a boma. Zinatembenuka. Bwanamkubwa Bellomont anamumanga ku Boston, anatuma anthu kukatenga chumacho, n'kuchitumiza ku London pamodzi ndi mwini wake. Kidd ananyongedwa ku Wapping pa 23 May 1701. Chumacho sichinakhalitse m'nthaka, koma mphekesera yoti china chinatsala sinathe mpaka lero.

Olemba nkhani ndi amene anamaliza ntchitoyo. Mu 1843 Edgar Allan Poe analemba The Gold-Bug, momwe chuma cha Kidd chimapezeka pomasulira zolemba zachinsinsi. Kenako mu 1881 Robert Louis Stevenson, ali patchuthi ku Braemar ku Scotland, anajambula mapu a chilumba chongoganizira posangalatsa mwana wa mkazi wake, Lloyd Osbourne. Mapuwo anabala buku la Treasure Island, limene linatuluka mu 1883. Chizindikiro chamtanda pa mapu, munthu wa mwendo umodzi ndi chinkhwe paphewa zinafala kuchokera m'buku limeneli. Ngakhale kayankhulidwe kokokomeza kamene anthu amatsanzira pa 19 September si ka achifwamba akale. Ndi ka Robert Newton, amene anasewera Long John Silver, wa mwendo umodzi uja, mu filimu ya Disney ya 1950 yochokera m'bukuli.

Zovala zoseketsazi zimaphimba mbiri yowawa. Whydah, chombo cha Samuel Bellamy chimene chinamira kufupi ndi Cape Cod mu 1717 ndipo Barry Clifford anachipeza mu 1984, chinamangidwa kuti chizinyamula akapolo ochokera ku Africa, Bellamy asanachilande.

Mbali ina ya mbiriyi inachitikira kum'mawa kwa Africa, kumene chilumba cha Sainte-Marie, m'mphepete mwa Madagascar, chinali chimake cha achifwamba. Mu 1721 Olivier Levasseur, wotchedwa La Buse, ndi John Taylor analanda chombo cha Apwitikizi, Nossa Senhora do Cabo, chitaima pa Réunion chifukwa chinawonongeka ndi namondwe pochokera ku Goa. Munali golide ndi diamondi zochuluka zedi. Levasseur ananyongedwa pa Réunion mu 1730, ndipo nthano imati asanafe anaponyera khamu la anthu pepala la zolemba zachinsinsi. Pepala limene amati ndi lomwelo linaonekera koyamba m'buku la Charles de La Roncière mu 1934, patadutsa zaka zoposa 200, n'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale amalikayikira. Izi sizinaletse Reginald Cruise-Wilkins kukumba ku Bel Ombre, pa chilumba cha Mahé ku Seychelles, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka imfa yake mu 1977. Mwana wake anapitiriza. Chuma sichinaoneke.

Malamulo ndi zam'bokosi

Wosewera geocaching sanyamula khasu kapena fosholo, chifukwa malamulo a Geocaching.com amaletsa kukwirira bokosi m'nthaka. Masewera otsanzira chuma chokwiriridwa amakana kukumba, ndipo pali chifukwa chomveka: anthu mazana atamakumba paki imodzi, eni malo angaletse masewerawo. Wobisa ayenera kupempha chilolezo kwa mwini malo, ndipo bokosi latsopano liyenera kutalikirana ndi lina mamita osachepera 161. Anthu ongodzipereka amaunika bokosi lililonse lisanaikidwe pa tsamba. Chakudya sichiloledwa chifukwa nyama zimachinunkhiza n'kuswa bokosi, ndipo mipeni, mowa ndi mankhwala n'zoletsedwa popeza ana nawonso amatsegula. Osaka amalimbikitsidwa kutola zinyalala zimene apeza m'njira.

Golide wa m'bokosi la achifwamba ndi wapulasitiki. Pamakhalanso mikanda, zigoba za nkhono zam'nyanja ndi tizidole, ndipo wotenga kanthu amasiya kena kofanana nako mtengo kapena koposa. Adani a bokosi ndi mvula ndiponso anthu odutsa osadziwa za masewerawa, amene osewera amawatcha ma muggle, dzina lochokera m'mabuku a Harry Potter. Wosaka akaona anthu otere amanamizira kumanga zingwe za nsapato mpaka atadutsa. Akafika kunyumba amalemba pa tsamba kuti wapeza kapena walephera, ndipo olephera akachuluka mwini bokosi amadziwa kuti ayenera kukaona ngati lilipobe.

Pali tinthu tina tosayenera kusungidwa. Timakhala ndi nambala yakeyake, ndipo wotipeza amatisamutsira m'bokosi lina n'kulemba pa intaneti, kotero mwini wake amatha kuona kandalama kake kachitsulo kakuoloka nyanja ndi mayiko. Kotchuka kwambiri mwa timeneti si kagolide. Ndowa ya Ulmer inawonongedwa ndi makina otchetcha udzu m'mbali mwa msewu, ndipo mu 2003 osewera anaika chikwangwani chachitsulo pamalopo. Pokonza malowo anapeza chitini cha nyemba chija chitachita dzimbiri. Anachisamalira, n'kuchipatsa nambala, ndipo chakhala chikutengedwa kumisonkhano ya osewera kuti anthu achione ndi kujambulitsa nacho.