Kolosilo wa pa phwando: cakudya cimene siciona moto

Pa ukwati, pa kicheni pate kapena pa msonkhano wa azimai muno mu Kafue, mbale ya mpunga ndi nkhuku siioneka yokwana ngati palibe kolosilo pambali. Dzinali linacokela ku mau a Cidachi akuti koolsla, kutanthauza saladi ya kabici. Kupanga kwake n'kosavuta, koma pa zakudya zonse za tsikulo, ndi iyeyu amene sapita pa moto. Tizilombo timene tabwela ndi kabici kucokela ku dimba kapena ku msika, ndiponso ta m'manja mwathu, timafika nato pa tebulo ngati sitisamala.

Tonse tikumbukila kolela imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zosaphika. Conco tiyambe ndi kusamba m'manja ndi sopo, kucotsa masamba akunja a kabici, ndi kutsuka zonse ndi madzi owilitsa kapena othila Clorin. Mpeni ndi thabwa zimene tadulila nkhuku yaiwisi zisakhudze kabici ngakhale pang'ono.

Kabici mmodzi wapakati, kaloti atatu ndi theka la anyezi zimakwanila anthu pafupifupi 10. Kabici timudule mopyapyala kuposa mmene timadulila lepu, kaloti timupale pa grater. Apa pali cinthu cimene ambili timalumpha cifukwa ca changu: tiwaze supuni imodzi yaikulu ya mcele pa kabici, tisakanize, tisiye mu sefa kwa ola limodzi. Mcele umakoka madzi m'masamba. Tikatelo titsukuluze ndi madzi abwino aja, tifinye ndi kansalu koyela. Tikapanda kutelo, madziwo adzatuluka ndithu, koma adzatulukila mu dishi, ndipo alendo adzapeza kabici akusambila mu msuzi woyela wopanda kukoma. Coipa kwambili n'cakuti madziwo amasungunula kuwawasa kwa mayonezi, pamene kuwawasa kumeneko ndiko kumalepheletsa tizilombo kuculukana.

Msuzi wake ndi kapu imodzi ya mayonezi, masupuni awili a viniga kapena madzi a mandimu, ndi supuni imodzi ya shuga. Ena amaonjezela mkaka kuti aculuke. Ife sitilimbikitsa, cifukwa amasasa msanga. Mayonezi wopanga tokha ndi mazila aawisi tisam'bweletse pa gulu. Wa m'botolo ndiye wodalilika.

Nanga nthawi? Kolosilo wosakaniza asakhale kunja kwa filiji kupitilila maola awili, ndipo kukatentha kupyola madigili 32, monga zimakhalila kuno mu Okutobala, ola limodzi cabe. Tidziwa tonse kuti pulogalamu yolembedwa 12 koloko cakudya cimatuluka 15 koloko, ndipo malaiti akapita filiji imangokhala kabati. Njila yake ndi iyi: kabici wofinya kale akhale payekha m'baketi yotseka, mayonezi akhale m'botolo losatsegula, ndipo tisakanize pamene anthu ayamba kufola. Ngati tili ndi cooler box ndi aisi, dishi ikhale mmenemo, tizitapa pang'onopang'ono. Wotsala pa tebulo titaye, tisapakile ana kuti akadye ku nyumba madzulo.