Waya wa khwekhwe wasanduka chibangili!

Khwekhwe silisankha nyama. Wotchera amakhala akuganiza za ndiwo, mbawala kapena nswala, mwina njiri. Amatenga waya wa mabuleki a njinga, kapena chingwe chachitsulo chokokera galimoto, kapena waya wodula pa mpanda wa eni ake, n'kumupinda kuti akhale ndi kukamwa kotseguka ndi mfundo yotsetsereka. Nsonga inayo amaimangirira kumtengo, pamkwaso wopita kumadzi. Satchera limodzi ayi, amandandalika ambirimbiri n'kubwerera kunyumba. Chimene chidutse pamenepo, chomwecho chakodwa. Mkango umalowetsa khosi, fisi chimodzimodzi, nyamalikiti mwendo, njovu chitamba. Nyama ikamaphiriphitha mfundo imanka nithina, waya n'kumadya khungu ndi mnofu mpaka kufika pafupa. Makhwekhwe ambiri mwini wake sabwererako n'komwe, kaya waopa agemu kaya waiwala malo. Koma waya saola msanga. Amakhala pomwepo mvula ndi dzuwa, kudikira wina.

Zoipazi ndaziika patsogolo mwadala, kuti mumve bwino kukoma kwa zimene zikubwera. Waya yemweyo lero akulendewera m'makutu mwa anthu, akunyezimira pamikono, akuzungulira makosi a anthu amoyo amene akuseka! Ine ndikamafotokoza nkhaniyi mtima umachita kudumpha.

Zikuchitikira ku Mfuwe, m'boma la Mambwe kum'mawa kwa Zambia, pakhomo penipeni pa South Luangwa National Park. Wochokera ku Lilongwe amadzera ku Mchinji, kuwoloka malire pa Mwami, kufika pa Chipata, kenako n'kutsetsereka kulowa m'chigwa chotentha cha Luangwa, kwawo kwa Akunda. Womasulira simumufuna, Chinyanja chili paliponse. Nkhalangoyi inakhala paki mu 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Ndiko kwawo kwa nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa chigwachi. Mpanda kulibe. Mbali yaikulu ya kum'mawa malire ndi mtsinje wa Luangwa, ndipo nyama zimawoloka mmene zafunira kulowa m'dera la Lupande, kumene anthu ali ndi midzi ndi minda. Nyengo ya mango njovu zimafika mpaka pakhomo. Pamene anthu ndi nyama akhalirana pafupi chonchi, waya sachedwa kulowa pakati pawo.

Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, lili ndi asikauti amene amayenda pansi m'tchiremo mogwirizana ndi agemu a boma. Amagona kuthengo, amafufuza m'mikwaso ndi m'mphepete mwa madambo, n'kumakolola makhwekhwe. Akapeza nyama yakodwa koma ikadali moyo, dokotala amailasa ndi jekeseni wogonetsa, kudula wayayo, kutsuka bala, nyama n'kudzuka kumapita. Ntchito yabwino zedi, koma inabala vuto lina. Mawaya ochotsedwawo apite kuti? Kuwataya kudzala n'kumubwezera wotchera chida chake. Choncho ankangounjikana mosungira katundu, mulu wa dzimbiri, wopotanapotana, ena ali ndi ubweya womatirira pamfundo.

Mu 2013 mayi wina dzina lake Kate Wilson anayambitsa ku Mfuweko kampani yaing'ono yopanga zodzikongoletsera, Mulberry Mongoose, n'kulemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo amayi. Mulu wa dzimbiri uja unapeza kolowera.

Apa ndiye pamene pamandikomera, ndipo ndiloleni ndichedwepo. Waya wa khwekhwe si mkuwa wofewa umene umapindika ndi zala. Wotchera anamusankha chifukwa choti njati singamudule, ndiye musaganize kuti angagonjere mayi wa pulayala mosavuta. Poyamba amamumasula ndi kumuwongola. Ngati ndi chingwe cha timawaya tambiri topotana, amatha kuchipotolola kuti kawaya kalikonse kakhale pakokha. Kenako kudula tizidutswa. Tina amatikulunga mothina, mzere pa mzere, mpaka titakhala mikanda yachitsulo. Tina amatiika pachitsulo n'kutimenya ndi hamala, go! go! go!, mpaka waya wobulungira uja ataphwatalala n'kukhala kalilime kopyapyala. Chitsulo chili ndi khalidwe lake: mukamachimenya chimanka chiuma, ndiye pofika poboola kachibowo kolowetsa ulusi chimakhala chakwiya kale, ndipo misomali yoboolera imathyoka. Akaboola amapala ndi tupa ndi sandipepala kuti pasatsale nsonga yokanda khungu la munthu. Dzimbiri limayoyoka, pansi pake n'kutuluka mtundu wotuwa wowala, wokhala ndi timadontho ta hamala timene timagwira kuwala aliyense akatembenuza dzanja.

Akatero amasakaniza chitsulocho ndi zinthu zofatsa: nthenga za nkhanga za mawangamawanga, mikanda yosema yamtengo, njere zoyera zolimba zimene zimaoneka ngati mnyanga koma palibe njovu yafera, ndalama zakale zachitsulo za ku Zambia, miyala yamitundu. Chotuluka pamenepo ndi ndolo, zibangili ndi mikanda ya m'khosi. Ikani pambali pake waya wosakhudzidwa wochokera pamulu uja, munthu wachilendo adzalumbira kuti n'zosiyana mtundu. Chinali chonyansa kuchigwira, chonunkha imfa. Tsopano mtsikana akuchiyesa pagalasi, akupendeketsa mutu uku ndi uku, akufunsa mnzake ngati chamukhala.

Kukongola kokha sindikanakusimbani motere. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi ulendo wa ndalama. Pa chinthu chilichonse chogulitsidwa cha waya wa khwekhwe, gawo lina limapita ku mabungwe oteteza nyama, monga Conservation South Luangwa yomwe ija ndi Zambian Carnivore Programme, imene imatsata mikango, afisi ndi mimbulu. Ndiye kuti waya amene anatcheredwa kuti aphe ndi amene akuthandiza kulipira ulendo wa asikauti okachotsa mawaya anzake. Akachotsa, mawaya atsopanowo amabweranso pahamala. Waya aliyense wolowa pamenepo watuluka m'tchire mpaka kalekale, palibe angamutcherenso, chifukwa wadulidwa tizidutswa ndipo ali m'makutu mwa anthu a ku Lusaka, London ndi New York.

Wotchera uja sindimunyoza. Nthawi zambiri ndi bambo amene njovu zamudyera munda usiku umodzi, ana akumuyang'ana. Kumumanga kokha sikuchotsa njala imene inamutumiza kuthengo. Chimene chimachotsa ndi malipiro olowa m'mudzi mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro a mayi timadziwa tonse kumene amapita: ufa, fizi, yunifolomu, malata. Mwana amene wakula akuona amayi ake akubwera ndi ndalama yochokera kwa alendo odzaona mkango wamoyo amauyang'ana mkangowo ndi maso ena.

Nzeru imeneyi ili ndi abale kwina. Ku Dete, pafupi ndi Hwange ku Zimbabwe, bungwe la Painted Dog Conservation lili ndi malo otchedwa Iganyana Arts Centre kumene amisiri amaluka zifanizo za nyama ndi mawaya a misampha. Ku Pakwach ku Uganda, pafupi ndi Murchison Falls, ntchito ya Snares to Wares imachita zofananazo. Nanga kuno kwathu? African Parks itatenga udindo woyang'anira Liwonde mu 2015, mawaya a misampha opitirira 40,000 anachotsedwa m'nkhalangomo, ndipo malo atayera mikango inabwezeretsedwa mu 2018, mimbulu mu 2021. Mawaya 40,000! Ndikamva nambala imeneyi ndimaona ndolo, ndimaona amayi a ku Machinga ndi ku Balaka atakhala pansi pa mthunzi ndi mahamala awo.

Nkhaniyi inandifikira mpaka pakhomo kudzera mwa azakhali anga ndi galu wawo.

Galuyo dzina lake anali Dziwazako, wofiirira, wa chifuwa choyera. Ali wamng'ono anakodwa mwendo wakumbuyo pakhwekhwe limene wina anatchera nguluwe kudimba. Anamupeza ndi kulira kwake. Malemu amuna awo a azakhali anadula wayayo, koma mwendo sunachire, unafota, ndipo galu anayenda ndi miyendo itatu moyo wake wonse. Sizinamuletse kanthu. Ankaperekeza azakhali kumunda ndi kuchigayo, usiku n'kumagona pakhomo pa khola la mbuzi, ndipo fisi sanatengepo ngakhale kamwana kamodzi iye alipo. Anafa ndi ukalamba, namuika pansi pa mtengo wa mango. Waya uja anali atamusomeka kudenga la nkhokwe tsiku lomwelo la ngozi, kuti wina asamutolenso, ndipo anakhala momwemo. Kumudzi munthu wamkulu sauza anthu kuti akusowa galu, angamuseke. Koma tonse tinkaona kuti azakhali akapita kumunda amatembenukabe kuyang'ana m'mbuyo.

Tsiku lina ndinafika nditavala chibangili cha ku Mfuwe. Tili pamphasa anandigwira dzanja.

"Iwe mwana wa achimwene, siliva ameneyu wamutenga kuti?"

"Si siliva, azakhali. Ndi waya wa khwekhwe."

"Usandinamize ine, ndakula nawo makhwekhwe!"

Ndinavula n'kuwapatsa. Anachitembenuza, kuchikanda ndi chikhadabo, kuchinunkhiza. Ndinawafotokozera za asikauti, za amayi a mahamala, za ndalama yobwerera kuthengo. Sanayankhe. Anangodzuka, kupita kunkhokwe, kupisa dzanja m'udzu wa denga, n'kubwera ndi waya wakuda bii ndi dzimbiri ndi mwaye, mfundo yake ikadali pomwepo.

"Nanga uyu sangatheke?"

Tinapita naye kwa mmisiri wokhoma zidebe pamsika. Poyamba anaseka, akuti pa ntchito yake yonse sanapangepo chokumbukira galu. Ndinamuuza kuti kwina n'zachizolowezi. Ku England, Mfumukazi Victoria itaferedwa mwamuna wake Albert mu 1861, anthu anakonda kwambiri kuvala zokumbukira akufa, zina za mwala wakuda wa ku Whitby, zina zokhala ndi tsitsi la malemu mkati, ndipo masiku ano kumeneko amisiri amatsekera ubweya kapena phulusa la galu kapena mphaka m'galasi n'kupanga mphete. Mmisiri anapukusa mutu, komabe waya anamulandira, ndipo atangoyamba ntchito nkhope yake inasintha.

Anamuika pambaula mpaka atafiira, n'kumusiya kuti azizire yekha pang'onopang'ono m'phulusa, chifukwa chitsulo chikatero chimafewa. Anamasula mfundo ija, imene inakhala yomanga zaka zonsezo, ndipo azakhali anaomba m'manja. Anamuwongola, kumukwecha ndi mchenga ndi madzi a mandimu, kumudula patatu n'kumuluka ngati chingwe. Kenako anamugoneka pachidutswa cha njanji chimene amakhomerapo zidebe, kumumenya mofatsa mpaka zingwe zitatuzo zitagwirana n'kuphwatalala, kupala nsonga ndi tupa, n'kumupinda mozungulira paipi molingana ndi mkono wa azakhali. Pakati anamangapo kachidutswa ka lata pamene anadinda chilembo D ndi msomali. Mdzukulu wa azakhali, amene amatunga mikanda bwino, anawonjezera yofiirira mbali zonse ziwiri ndi yoyera pang'ono pakati, monga analili mwini wake. Pomaliza anapaka vanishi kuti dzimbiri lisabwerere.

Mukanaona! Chinthu chija chimene ana ankaopa kuchikhudza kunkhokwe chinali kung'anima padzanja la mmisiri. Azakhali anachilowetsa pamkono, kukweza dzanja m'mwamba, n'kuimba nthungululu pakati pa msika, ogulitsa tomato n'kudzidzimuka. Anavina pomwepo, fumbi koboo, anthu n'kuunjikana kufunsa ngati kwabadwa mwana. Iwo ankangoonetsa mkono. "Dziwazako uyu! Waya amene anamudya mwendo ndi ameneyu!" Mayi amene ankachita manyazi kutchula galu wake tsopano anali kusimba mbiri yake yonse kwa anthu osawadziwa, za fisi amene anathamangitsidwa, za miyendo itatu imene inkafika kuchigayo iwo asanafike. Ena anayamba kutchula agalu awo amene anapita, mayina amene sanamveke kwa zaka, ndipo pamsika panali phwete.

Chibangilicho sachivula. Kumunda ali nacho, kuukwati ali nacho, ndipo aliyense wopereka moni wa padzanja amayenera kumva nkhani yake, afune asafune. Tsiku la kumsika lija tisananyamuke, mmisiri anayamba kusesa tizidutswa totsala kuti ataye. Azakhali anamugwira mkono.

"Amisiri, musataye timeneto. Mdzukulu wangayu akufuna ndolo ziwiri, ndipo nanenso makutu anga ndi oboola. Loweruka tibwera kudzatenga."