MPHIRA WOBWERERA KU MCENGA

Pa mitengo ya magetsi pali zipangizo zimene zigwira mawaya, ndipo nchito yace ndiyo kuletsa mphamvu ya magetsi kuti isatsikire pansi. Kale zipangizozi zinali za galasi kapena za dothi loocha, koma masiku ano zambiri zikutidwa ndi mphira wochedwa silicone.

Mphira ameneyu sacokera ku mtengo ai. Ciyambi cace ndi silicon, cinthu copezeka mu mcenga, ndipo anayamba kupangidwa wambiri ku America m'zaka za m'ma 1940. M'kati mwace silicon ndi oxygen zilumikizana ngati unyolo wautali, ndipo m'mbali mwa unyolowo muli timagulu ta carbon ndi hydrogen. Timaguluti ndito tikana madzi. Cotero mvula ikagwa, madzi angokhala madontho-madontho monga acitira pa nthenga za bakha, ndipo magetsi asowa njira.

Bvuto liyamba ndi fumbi la m'cilimwe. Fumbilo likanyowa ndi mame kapena ndi mvula yoyamba, magetsi pang'ono ayamba kukwawa pamwamba pa mphira, natenthetsa cinyezi kufikira malo ena auma. Pa malo oumawo magetsi alumpha ngati timphezi tating'ono. Kutentha kwace kudula unyolo uja, timagulu ta carbon ndi hydrogen ticoka, ndipo oxygen wa mu mpweya alowa m'malo mwace. Cotsala ndi khungu loyera, louma ndi losweka msanga, la silica. Ndiko kunena kuti mphira wabwerera ku mcenga kumene anacokera.

Pamenepa pali mwai. Mphira wamba akapsa asiya mzere wa makala, ndipo makala apititsa magetsi. Koma silica sapititsa magetsi. Coipa cace ncakuti khungu limeneli silikananso madzi, ndipo licita ming'alu.

Cinanso codabwitsa ndi ici: m'kati mwa mphira muli tizidutswa tatifupi ta unyolo tonga mafuta. Timphezi tikaleka, tizidutswati tikwera pang'ono-pang'ono kudza pamwamba, ndipo patapita maola kapena masiku, mphira ayambanso kukana madzi. Opanga aikamonso ufa wochedwa alumina trihydrate, umene utulutsa nthunzi ya madzi kutentha kukapitirira madigiri 200, nuziziritsa popsapo.

Komabe nkhokwe yotapamo osabwezera itha. Kupsa kukabwerezedwa zaka zambiri, mafuta aja acepa, mphira adyeka, ndipo cinyezi cifika pa ndodo ya m'kati imene isenza kulemera kwa waya. Ndodoyo ikathyoka, waya agwa, ndipo midzi ndi zipatala zikhala mu mdima. Ncifukwa cace anchito a magetsi awaza madzi pa mphira wokayikitsa poyesa: madzi akakhala madontho, mphira akali bwino, akayala ponseponse, cipangizoco cifunika kuciyang'anitsitsa mvula isanafike.