Mwaika SSD koma kompyuta ikuchedwabe? Iuzeni poyambira

Achimwene anga ali ndi kashopu pa Nsaru. Amathira nyimbo ndi mafilimu m'mamemore a anthu, amatayipanso makalata ofunsira ntchito. Fizi yanga imachokera pamenepo, ndipo ndalama yolembetsera mayeso a JCE chaka chino inachokera pomwepo. Ndiye kompyuta ya m'shopumo ikadwala, kwathu timadwala tonse.

Chaka chatha atagulitsa mtedza anapita m'tauni kukagula kompyuta ya Dell. Inagwirapo kale ntchito kwina, koma kwa ife ndi yatsopano. Vuto lake linali kuchedwa. Ukaiyatsa umatha kusesa shopu yonse iyo isanatsegule. Tsiku lina ndinawerenga pa wotchi ya foni, zinakwana mphindi zitatu ndi theka. Tsono magetsi akathima n'kuyakanso, kudikira kumayambiranso. Pa tsiku la msika kasitomala sadikira, amangotenga memore yake n'kupita kwa wina. Wogulitsa uja anawauza kuti mankhwala ake ndi SSD, iwo n'kugula ya 256 GB. Ndikufuna ndikufotokozereni zimene zinachitika titaiika, chifukwa ena mwa inu mudzakumana nazo.

SSD ndi chiyani?

Kompyuta iliyonse ili ndi mosungira zinthu. Mmenemo ndi mokhala nyimbo, zithunzi, makalata, ngakhalenso Windows yeniyeniyo. Mosungira mwachikale ndi mu hadi disiki. M'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kadzanja kamene kamawerenga zimene zalembedwa pa timbaleto. Timbaleto timazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Mukafuna nyimbo, kadzanja kaja kamayenda kukafika pamene pali nyimboyo, n'kudikira kuti mbale izungulire. Kuchedwa kumachokera pamenepo. Hadi disiki yoyamba inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Inali yaikulu ngati mafiriji awiri, koma imasunga zinthu zosapitirira 5 MB, kungoti nyimbo imodzi ya m'foni basi.

Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse. Muli titchipu ta mtundu umodzi ndi ta mu fulashi kapena mu memore ya foni yanu, kungoti ito n'tothamanga kwambiri. Siimveka phokoso, imadya magetsi ochepa, ndipo siiopa kugwedezeka ngati hadi disiki. Yathu ndi kabokosi kopepuka, kochepera foni. Zilipo zina zooneka ngati kandodo, amazitchula M.2, koma zimenezo zimafuna kompyuta imene ili ndi malo ake.

Mmene tinaiikira

Choyamba tinathimitsa kompyuta n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Titatsegula bokosi, tinayamba tagwira chitsulo cha bokosilo, chifukwa thupi la munthu limasunga timagetsi tina totha kuwononga titchipu.

Chachiwiri tinazula mawaya a hadi disiki yakale. Apa musaphonye ayi. Mu disiki imeneyo munali nyimbo zonse za achimwene ndi makalata a anthu. Poika Windows, kompyuta imafunsa disiki yoti iikemo. Mukasankha yolakwika n'kuifufuta, zonse zapita. Komanso madisiki onse awiri akakhala olumikiza, Windows imatha kusiya mafailo ake oyambira mu disiki yakale, ndiye tsiku limene mudzaichotse kompyuta sidzatsegula.

Chachitatu tinalumikiza SSD ndi mawaya awiri, yaing'ono yodutsa uthenga imene amaitchula SATA, ndi yotambalala ya magetsi. Mawayawa amalowa mbali imodzi yokha. Akakana, tembenuzani, osakakamiza.

Chachinayi tinabaya fulashi imene wogulitsa uja anaikamo Windows. Fulashi yotere imafunika ikhale ya 8 GB kapena kuposa. Titayatsa tinadina F12 kangapo, tinasankha fulashi pa mndandanda umene unabwera, n'kutsatira mafunso mpaka Windows inalowa mu SSD.

Titayatsanso inatsegula pa masekondi 18. Achimwene anavina m'shopu.

Pamene zinasokonekera

Kenaka tinathimitsa n'kubwezera mawaya a hadi disiki yakale kuti tipeze nyimbo zija. Titayatsa, ha! Kuchedwa komwe kuja, ndi chithunzi chomwe chija cha Nyasa Big Bullets chimene chinali pa sikirini kale. Achimwene anakhala pansi n'kugwira mutu.

"Iwe, ndalama yanga yapita. Chinthuchi chafa tsiku lomwelo."

"Achimwene, dikirani kaye, ndikafunse kusukulu," ndinatero ine, koma mumtima ndinali ndi mantha, poganiza za fizi ya teremu yotsatira.

Lolemba pa buleki ndinapita kwa aphunzitsi athu a sayansi, amene amadziwako za makompyuta. Atamva nkhani yonse anandifunsa kuti, "Amayi ako akakutuma kukapala moto, umayambira nyumba iti?"

"Yapafupi, aphunzitsi."

"Ukaupeza pamenepo, umapitanso kwina?"

"Ayi, ndimabwerera."

Anati kompyuta imachita chimodzimodzi. Ikangoyaka imakhala isanadziwe kumene kuli Windows. Pa bolodi yake yaikulu pali kapulogalamu kakang'ono kotchedwa BIOS, makompyuta atsopano amati UEFI. Kapulogalamuka ndi kamene kamayamba kudzuka. Kamaona ngati zipangizo zili bwino, kenaka kamatenga mndandanda wa malo oti kakafuneko Windows, n'kuyambira pamwamba. Pamene kaipeza koyamba, kamaima pomwepo. Ifeyo tinali ndi Windows ziwiri, yakale mu hadi disiki ndi yatsopano mu SSD, ndipo pamwamba pa mndandanda panali hadi disiki. SSD sinafe ayi, kungoti kompyuta simafikako.

Kusintha mndandanda

Titaweruka ndinapalasa njinga mpaka pa Nsaru, osadya nkomwe. Tinachita motere.

1. Tinayatsa kompyuta n'kuyamba kudina F2 mobwerezabwereza chizindikiro cha Dell chitangooneka. Pa HP nthawi zambiri ndi F10, pa makompyuta ena ndi F1 kapena Delete. Mukachedwa Windows imayamba, ndiye thimitsani muyesenso.

2. Tinafufuza pamene palembedwa kuti Boot Sequence. Ena amalemba Boot Order kapena Boot Priority.

3. Tinazindikira SSD poona dzina la kampani yake. Pa makompyuta ena mudzapeza mawu akuti Windows Boot Manager, mwinanso kawiri. Onetsetsani kuti mwasankha wa mu SSD.

4. Tinaikweza pamwamba, hadi disiki n'kutsika pansi.

5. Tinadina Apply, kenaka Exit. Pa makompyuta ambiri batani losungira zimene mwasintha ndi F10. Mukatuluka osasunga, mwagwira ntchito yachabe.

Inatsegula pa masekondi 18 omwe aja, ndipo titalowa tinapeza hadi disiki yakale ilipo, nyimbo zonse zili momwemo. Panopa Windows ndi mapulogalamu zimakhala mu SSD, pamene nyimbo ndi mafilimu zimakhala mu hadi disiki ya 500 GB ija, chifukwa ndi imene ili ndi malo ambiri.

Dziwani kusiyana kwa mabatani awiri aja. F12 imakulolani kusankha poyambira ulendo umodzi wokha, mawa kompyuta idzabwerera kumene inazolowera. F2 ndi yosinthira mndandanda kuti ukhale choncho masiku onse.

Zoyenera kusamala

Mu BIOS muli zinthu zambiri. Musamangosinthasintha zimene simukuzidziwa. Aphunzitsi anandichenjeza makamaka pa mawu akuti UEFI ndi Legacy, komanso AHCI. Mukasintha zimenezi Windows italowa kale, kompyuta ikhoza kukana kutsegula. Mukaona kuti mwasokoneza, tulukani osasunga, muyambirenso.

Kompyuta ikayamba kuiwala tsiku ndi nthawi, kapena mndandanda uja ukamabwerera pakale, vuto si SSD. Pa bolodi pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kameneko ndi kamene kamathandiza BIOS kukumbukira magetsi akathima. Kakatha, sinthani.

Komanso musaganize kuti SSD siifa. Hadi disiki ikamafa nthawi zambiri imayamba kugogoda, mumamva. SSD imatha kungosiya ntchito popanda chenjezo. Zinthu zofunika muzizisunga pawiri. Achimwene tsopano amakopera makalata a anthu mu fulashi Loweruka lililonse asanatseke shopu.

Chomaliza, musathamangire kufufuta Windows yakale. Ife tinadikira milungu iwiri kuti tione ngati yatsopano ikuyenda bwino, ndipo tisanachotse kalikonse tinaonetsetsa kuti palibe kalata ya munthu imene yatsala m'mafoda akale.

Tsiku la msika lotsatira magetsi anathima kawiri, koma atayaka palibe kasitomala amene anachoka. Fizi ya teremu ino inalipidwa sabata yoyamba. Achimwene anandigulira makope asanu ndi bolopeni, ndipo anati kompyuta ikadzavutanso, oyamba kuitanidwa ndine. Amene mukufuna kuona mmene BIOS imaonekera, mundipeze pa buleki. Ndinajambula mndandanda wonse kumapeto kwa kope langa la masamu.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2